Lekani kupaka siteni pa matabwa a black cherry

Chaka chino, chiyambire maoda a kumapeto kwa chaka, ndakhala ndikuona vuto limodzimodzi m'mashopu a akalipentala athu kuno ku Johannesburg, ndipo anzathu a ku Cape Town akuti kwawonso zili chomwecho. Mmisiri wapeza ntchito yabwino, kaya ndi makabati a kukhitchini kaya tebulo lodyera. Mwini nyumba wagula matabwa a black cherry ochokera ku America, ndalama zake zambiri zapita. Mmisiri uja wapala, walumikiza, zitseko zikutseka bwinobwino osakhula pena paliponse. Tsiku lomaliza watenga nsanza, waiviika m'chitini cha siteni wofiira, mankhwala aja osinthira mtundu wa thabwa, n'kuyamba kupaka. Dzanja lomwe lagwira ntchito yaukhondo kwa masabata ndi lomwenso laiwononga dzuwa lisanapendeke.

Ndikafunsa kuti mwachitiranji zimenezi, yankho silisintha. "Thabwalo linali lotuwa, akulu. Abwana akanati ndawaikira paini." Mantha amenewo ndikuwamvetsa. Koma gwero lake ndi kusalidziwa thabwa limene muli nalo m'manja, ndipo akukudyerani ndalama ndi mbiri yomwe.

Cherry wongopala kumene amatuwadi. Amakhala wofiirira pang'ono chabe, kupendekera ku pinki, moti amene sanamugwirepo akhoza kumuderera. Umenewo si mtundu wake womaliza. Thabwa limeneli limasintha lokha likamakhudzidwa ndi kuwala ndi mpweya. Mukaliika padzuwa, masiku owerengeka okha mwayamba kale kuona kusiyana. Likakhala m'nyumba yowala kwa miyezi 6 kapena chaka, limafika pa kufiira kozama kuja kumene anthu amalipirira, ndipo limapitirizabe kudera pang'onopang'ono zaka zikamapita. Kuno ku Johannesburg tili pamtunda wa mamita oposa 1,700, dzuwa lake ndi laukali, choncho kusinthaku sikuchedwa. Ngati mukukayika, tengani chidutswa chotsala, phimbani theka lake ndi katoni, muchiike pazenera. Loweruka likudzali mukachotse katoniyo. Mzere wolekanitsa mbali ziwirizo mudzauona muli chapatali.

Tsono taganizani zimene zimachitika siteni akakhala pamwamba. Inu mwaikapo kufiira kwanu, thabwa nalo pansi pake likupitiriza kudera monga mwa chibadwa chake. Ziwirizi zikaphatikizana, pofika chaka chamawa makabati aja ada, khitchini yachita mdima, ndipo kunyezimira kuja kumene cherry ali nako, kumene kumasuntha mukamaliyang'ana thabwa chammbali, kwakwiririka. Mwini nyumba analipira kuti aziona mtengo. Akuona utoto.

Komabe simuchita kudikira chaka kuti muone kuipa kwake. Tsiku lomwelo zimaoneka, chifukwa cherry samwa siteni mofanana. Timabowo ta thabwa lake ndi tating'ono kwambiri, n'chifukwa chake limasalala mokoma likapalidwa, koma mitsempha yake siyenda mowongoka ponseponse. Pena yakwera, pena yatsika, pena yapotana, makamaka pafupi ndi pamene panali nthambi. Pamene mitsempha yatulukira pamwamba pamamwa siteni wambiri n'kuda. Pamene yagona, siteni amangodutsa. Thabwa limene musanapake linkaoneka lofanana lonse limatuluka ndi mawanga, zigamba zakuda apa ndi apo, mwini nyumba n'kuyesa kuti wina waligwira ndi manja a girizi.

Chitseko china cha kabati ndinachitenga n'kuchitulutsa panja kuti tichione bwino. Mafelemu ake anayi anamwa siteni mosiyana, awiri oimirira otuwirako, awiri opingasa oderako. Pakona ya m'mwamba ya panelo, pamene mitsempha inapindika mokongola, panali chigamba chakuda chachikulu ngati chikhatho. Malo omwe akanakhala okongola kuposa ena onse pachitsekopo ndi amene anaipa kuposa ena onse. Mnyamata amene ankapaka ataona mawangawo anabwereza kachiwiri, akuti kuti zifanane. Pakuda paja panaderatu. Anabwerezanso. Pamene ndinkafika, thabwa silinkaonekanso, kunangotsala chikhungu cha utoto chonga matope, ndipo anali atathira kale vanishi pamwamba.

Tiwerengere mtengo wake. Ngati chitsekocho ndi cha thabwa lenileni lonse, mukhoza kuchipala n'kuchikwecha ndi sandipepa mpaka siteni achoke, koma m'mawanga muja amakhala atalowa mozama, ndiye mudzachepetsa thabwa, mizere yokongoletsa ya m'mphepete imene munadula ndi rauta, makina aja ojambira m'mphepete mwa thabwa, idzabuntha, ndipo m'makona simudzafika. Masiku apita pamenepo, opanda malipiro. Koma makhitchini ambiri a kuno si a thabwa lenileni lonse. Mafelemu ndiwo amakhala a thabwa, mapanelo ndi mbali za makabati zimakhala za MDF, bodi ya utuchi wopanikizidwa ndi guluu, yomatidwa kachikopa ka cherry pamwamba, ndipo kachikopako sikafika n'komwe milimita imodzi. Mukangolimbikira ndi sandipepa mwakaboola, MDF yatulukira. Pamenepo palibe kukonza, ndi kugulanso basi. Ndipo matabwa amenewa sachekedwa kuseri kwa shopu yanu, amachita kubwera pa sitima kudutsa nyanja, moti nthawi zina mukabwerera kogula mumapeza muyeso umene mukufuna watha. Mukaupeza, panelo latsopano ndi lotuwa, anzake akale ndi ofiira ndi siteni, sizikugwirizana. Kuti zigwirizane mumapakanso siteni, vuto lija labwerera.

Ambiri a ife timagwira ntchito popanda pepala losainirana. Ndalama yomaliza ili m'manja mwa mwini nyumba, ndipo akaona mawanga aja amaigwira. Anyamata a mushopu akudikira malipiro, lendi ya shopu siidziwa za mawanga, kumudzi akuimba foni kuti mvula yayandikira feteleza alibe. Ndi miyezi yomwe ino imene aliyense amafuna kutumiza kenakake kwawo. Choipa kwambiri, mwini nyumba amene amagula cherry ali ndi anzake ogulanso cherry, ndipo amauzana. Ntchito zitatu zimene zikanabwera kudzera mwa iye simudzazimva n'komwe kuti zinalipo.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti ambiri sadziwa ulendo umene thabwalo layenda lisanafike pabenchi pawo. Mtengowu dzina lake la sayansi ndi Prunus serotina, m'bale wake wa mapichesi omwe aja a ku Dedza, kungoti uwu umatalika kupyola mamita 20. Umamera kum'mawa kwa North America, koma matabwa otchuka kwambiri amachokera m'mapiri a Allegheny, ku Pennsylvania, New York ndi West Virginia. Tauni ya Kane ku Pennsylvania imadzitcha likulu la black cherry padziko lonse. Nkhalango za kumeneko zinadulidwa pafupifupi zonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mitengo ya hemlock ndi beech inatha, kunatsala zitsa ndi tchire. Boma la America linakhazikitsa Allegheny National Forest mu 1923 pa nthaka yowonongeka imeneyo. Cherry amakonda dzuwa, ndiye atapeza poyera anamera mothinana n'kukula mowongoka, wopanda nthambi zambiri m'munsi. Mitengo ikuluikulu imene ikuchekedwa kumeneko lero ndi yomwe inamera nthawi imeneyo. Thabwa lotambalala limene mwagoneka pabenchipo likhoza kukhala kuti linayamba kukula agogo anu asanabadwe. Kumeneko alimi a ng'ombe amauopa mtengowu, chifukwa masamba ake akafota amakhala ndi poizoni wa cyanide ndipo ng'ombe ikadya imafa, koma akalipentala amaulemekeza. Anthu a chipembedzo cha Shaker, amene mipando ndi makabati awo akuyamikiridwabe mpaka lero chifukwa chosachulutsa zokongoletsa, ankagwiritsa ntchito cherry kwambiri. Popeza likauma bwino silisunthasuntha, kale ankapangira malevulo a amisiri omanga ndi zotsamira zilembo m'nyumba zosindikiza mabuku. Masiku ano ndi makabati, matebulo, zitseko za m'nyumba, zoimbira, mbale zozungulitsa pamakina, ngakhale mabokosi a maliro a anthu olemera.

Ndikudziwa kumene chizolowezichi chinachokera, ndipo ndatopa nacho. Tonse tinaphunzirira ntchito m'mphepete mwa msewu, kaya ku Mchesi kaya ku Ndirande, pa paini wa ku Chikangawa ndi bulugama. Wogula ankafuna bedi looneka ngati la mlombwa kapena mbawa koma ndalama ali nayo ya paini, ndiye mmisiri ankapaka chofiira, n'kuthira vanishi wonyezimira, aliyense n'kukhutira. Kumeneko zinali ndi nzeru yake. Koma zinatilowa m'magazi mpaka tinayamba kuganiza kuti katundu amene sanapakidwe chofiira sanathe. Anyamata ena sayang'ana n'komwe kuti pabenchi pali thabwa lanji, nsanza ili kale m'chitini. Ndawaonapo akupaka siteni pa mlombwa weniweni, umene kuno amautcha kiaat. Pa mlombwa! Mukufuna uoneke ngati chiyani? Siteni tinkapaka kuti thabwa lotchipa lifanane ndi lodula. Mukapaka lodula mumalisandutsa lotchipa, ndipo palibe mlendo wolowa m'nyumbamo amene adzasiyanitse khitchini ya cherry yopakidwayo ndi ya paini.

Vuto lina limachokera kwa makasitomala eni ake, ndipo apa m'pamene mmisiri ayenera kutsegula pakamwa. M'masitolo muli mabodi a melamine amene amalembedwa kuti cherry, ofiira kwambiri, ena okhala ngati akuda. Amenewo ndi pepala losindikizidwa lomatidwa pa chipboard, akutsanzira cherry wokalamba kapena wopakidwa. Palinso matabwa ena otchedwa Brazilian cherry, amene dzina lake lenileni ndi jatoba, ndi African cherry, amene nthawi zambiri ndi makore wa kumadzulo kwa Africa. Onsewa si abale ake a black cherry ayi, ndi mayina a malonda chabe, ndipo amafiira kuyambira tsiku loyamba. Kasitomala amabwera ndi chithunzi chimenecho m'mutu, akaona thabwa lotuwa nkhope yagwa. Inu m'malo momufotokozera mumathamangira chitini. Ngati munthuyo akufunadi kufiira kwakuda lero lomwe ndipo sangadikire, muuzeni chilungamo kuti asawononge ndalama pa cherry, agule mbawa kapena sapele, amene ndi ofiira kale ndipo amamwa siteni mosavuta.

Ndikufotokoza zimenezi mushopu ya chitseko chamawanga chija, panali bambo wina wachikulire amene anakhala pa mulu wa matabwa pakona. Anali bambo ake a mwini shopuyo, mlimi wa fodya wa bale wochokera ku Dowa, anabwera kudzaona zidzukulu. Anandidula pakamwa. "Alangizi, pepani ndilowererepo. Zimene mukunenazi ine ndinaziona m'chigafa." Akuti chaka china mkamwini wawo anafuna kukhala woyamba kutumiza mabelo ku okushoni. Fodya atamusoka n'kumupachika, anaona kuti akuchedwa kufiira, ndiye anatalikitsa mikangala, anasasula udzu wa m'mbali kuti mphepo izidutsa, masiku a mvula n'kumasonkha moto pansi. "Ndinamuuza kuti mwananga, fodya amayamba wachita chikasu, kenako afiire, kenako ndiye aume. Iwe ukufuna aume asanafiire. Anangoti bambo, zimenezo ndi zakale." Fodya uja anaumadi msanga, koma anauma ali wobiriwira, ndipo mtundu umenewo unakhazikika. Anayesa kumuwaza madzi, osatheka. Ku okushoni anagwera giredi yapansi, ngongole ya feteleza sinabwezedwe, ngolo inagulitsidwa. Kenaka bambowo analowa nkhani ya mitengo ya feteleza, ya alebala, ya mkamwini uja amene pano akuti ali ku Mozambique, ndipo tinawasiya alankhule chifukwa anyamata aja ankamvetsera kuposa mmene ankandimverera ine. Pomaliza analoza chitseko chamawanga chija ndi ndodo yawo nati, "Afulumira adadya gaga," n'kupempha tiyi.

Pali chifukwa chimodzi chimene ena amapereka chomwe ndimachimvera, ndicho mbali yoyera. Thabwa la cherry lili ndi mtima, umene umafiira, ndi mbali ya kufupi ndi khungwa, imene ndi yoyera mopita ku chikasu. Mbali yoyerayi siifiira ngakhale muidikire zaka. Poyamba kusiyanaku kumakhala kochepa, koma mtima ukamadera, mzere woyera uja umaonekera kwambiri. Ndiye mmisiri amati ndipake zonse kuti ndibise. Ayi. Vuto limenelo limathetsedwa pogula ndi podula, osati popaka. Malamulo a magiredi a bungwe la NHLA, loona za malonda a matabwa ku America, saiwerengera mbali yoyera ngati chilema, moti mukhoza kugula giredi yapamwamba ya FAS n'kupezamo zoyera zambiri. Ogulitsa ena amasankhiratu, n'kulemba manambala monga 90/50, kutanthauza kuti nkhope imodzi ndi yofiira magawo 90 pa 100 ndipo inayo magawo 50. Funsani zimenezo. Pitani nokha kogula, tembenuzani thabwa lililonse, musatume mnyamata. Podula, zoyera zipite m'kati mwa kabati, pansi pa tebulo, kumbuyo kwa madirowa. Timadontho takuda ta utomoni timene mumatiwona m'mitsempha nato si chilema, ndi chizindikiro chakuti ndi cherry weniweni, ndipo makasitomala odziwa amatifuna. Musamatikumbe n'kumatamo phala.

Zina zonse mukuzidziwa, sinditaya nthawi. Cherry si wolimba kwambiri. Pa muyeso wa Janka, woyezera kulimba kwa matabwa, ali pa mapaundi 950, pamene red oak ali pa 1,290 ndipo hard maple pa 1,450, ndiye amabonyoka mukamugwetsera hamala, ikani katoni pabenchi. Akauma amalemera pafupifupi makilogalamu 560 pa kiyubiki mita. Amadulika bwino, amagwira guluu bwino. Ndi wa m'nyumba, musamupangire mipando ya pakhonde.

Tsono chochita. Mano a macheka ndi a rauta akhale akuthwa ndi oyera, ndipo musaime pakati podula, chifukwa cherry amapsa msanga ndipo chipsera chake chimavuta kuchotsa. Kwechani mpaka sandipepa wa 180 kapena 220, motsata mitsempha. Guluu wotuluka m'malumikiziro achoke yense. Pukutani ndi thina kapena spirit pang'ono, thabwa likanyowa mudzaona pamene pali zokanda ndi pamene pangachite mawanga. Ngati kasitomala akufuna kuona kufiira msanga, tulutsani zidutswa zonse padzuwa masiku angapo musanapake kanthu, muzizitembenuza kuti mbali zonse zione dzuwa mofanana ndi kuti zisapindike, ndipo madzulo kapena mitambo ikangoyamba zilowe, mvula ya kuno siichenjeza. Kenako pakani chosabisa thabwa: sila (wotseka timabowo ta thabwa) ndi lacquer woyera (vanishi wouma msanga), shellac (vanishi wosungunulira spirit), kapena mafuta monga Danish oil. Mafuta amatulutsa mtundu nthawi yomweyo, ngakhale nawonso amaonetsako mawanga pang'ono pa thabwa lopotana, ndiye yesani kaye pa chidutswa. Mavanishi ena osungunulira madzi amalisiya thabwa lozizira maonekedwe, ikani shellac pansi pake. Nsanza za mafuta musaziunjike pakona, zimatentha n'kuyaka zokha, ziviikeni m'madzi kapena ziyanikeni panja.

Mukakakamizika ndithu kuwonjezera mtundu, mwina kuti mufananize ndi katundu wakale wa m'nyumbamo, tsekani kaye thabwa ndi sila wosungunula kwambiri, ndipo mtunduwo ukhale wochepa, wopopera pamwamba pa sila, osati wothira pa thabwa lamaliseche. Za kositiki soda zimene ena akuonera pa YouTube zisiyeni. Amafiiritsadi, koma amawotcha khungu ndi maso, ndipo mushopu yopanda magolovesi ndi magalasi wina adzavulala.

Mushopu muzisunga chidutswa chimodzi chimene chakhala pazenera chaka chathunthu, chopakidwa mafuta okha, ndi china chongopala kumene. Kasitomala asanapereke dipoziti mumuonetse zonse ziwiri, mumuuze kuti ichi ndi cha lero, ichi ndi cha chaka chamawa, ndipo avomere pa WhatsApp kuti mukhale ndi umboni. Popereka katundu mumuuzenso kuti miyezi yoyambirira asasiye mbale, vazi kapena nsalu malo amodzi patebulo, chifukwa pansi pake padzatsala potuwa. Zikachitika asachite mantha ndipo asakwechepo, angochotsa chinthucho, pakapita masabata padzafanana. Matabwa amene akudikira ntchito mushopu muziwaphimba onse, lisakhale lina latulukira theka padzuwa, ndipo zidutswa zotsala pa ntchito iliyonse mumusiyire mwini nyumba ziwiri kapena zitatu, aziike pamwamba pa kabati pamene pamafika kuwala, kuti tsiku lodzakonza chitseko mudzapeze thabwa lofanana mtundu.